Kalata Yotseguka kwa Atsogoleri Athu: Ana Akutuluka pa Boda, Zigamulo za Makhoti Zikutsala Kuno

Olemekezeka Nduna ya Zachilungamo, Nduna yoona za Maubale ndi Maiko Akunja, Nduna yoona za Amayi ndi Ana, Nduna ya Zachitetezo cha m'Dziko, Jaji Wamkulu, ndi aphungu a Komiti ya Zamalamulo ku Nyumba ya Malamulo,

Tikupatsani moni mwaulemu. Talemba kalatayi ndife maloya a milandu ya m'banja pamodzi ndi alangizi a chisamaliro cha ana. Nkhani yathu ndi ya ana amene kholo limodzi limatuluka nawo m'dziko muno linzake lisakudziwa, komanso ana amene amafika nawo kuno kuchokera kunja mwa njira yomweyo. Tikupempha kuti Malawi alowe m'Pangano la ku Hague (mzinda wa ku Netherlands) la pa 25 October 1980 loona za kubweza ana otere, ndipo alowemo atamanga kale lamulo, ofesi ndi makhoti oyendetsa ntchitoyo, chifukwa kusaina kokha sikunabwezepo mwana ndi mmodzi yemwe.

Tiyerekeze mayi wa ku Ndirande amene khoti la ana linamupatsa udindo wosunga mwana wake wa zaka 6. Bambo wa mwanayo amagwira ntchito ku Joni, ndipo wabwera pa Khirisimasi. Wapempha kuti atenge mwana akamugulire nsapato ndi yunifomu ku Limbe. Madzulo foni yake sikupezeka. Pamene mayi uja akuzungulira kwa abale kufunsa, basi yadutsa kale pa Mwanza ndi Zobue, yawoloka Zambezi pa Tete, ikulunjika ku Nyamapanda kenako Beitbridge. M'mawa akufika pa polisi atanyamula chigamulo cha khoti m'pepala la pulasitiki, chodinda bwinobwino. Kawirikawiri yankho loyamba limene kholo lotere limamva ndi lakuti: "Koma si bambo wake? Za m'banja izi, kakambiraneni kwa ankhoswe." Ngakhale atapeza wapolisi womvetsa, wapolisiyo mphamvu zake zimathera pa Mwanza. Chigamulo chija nachonso mphamvu zake zimathera pomwepo.

Chotsala kwa mayiyu n'chiyani? Akatsegule mlandu watsopano ku khoti la ku South Africa, apeze loya wolipidwa m'marandi, ndipo azikakhala kumeneko pa masiku 30 okha amene Mmalawi amaloledwa popanda viza. Khoti la kumeneko lidzayamba kuunika nkhani yonse kuyambira pachiyambi, ngati kuti khoti lathu silinanenepo kanthu: ndani ali ndi nyumba yabwino, ndani ali pa ntchito, mwana ali pa sukulu iti. Mwezi uliwonse wodutsa umalimbitsa mbali ya amene anathawa ndi mwana, chifukwa mwanayo akuzolowera, akupeza anzake, Chichewa chikuyamba kumuthawa. Ku Britain nako n'chimodzimodzi. Mu 2005 khoti la House of Lords, limene panthawiyo linali lalikulu kwambiri kumeneko, pa mlandu wotchedwa Re J, linanena kuti mfundo za panganoli sizigwira ntchito pa mwana wochokera ku dziko limene silili m'panganomo. Jaji angathe kulamula kuti mwana abwerere msanga ngati waona kuti n'zomukomera mwanayo, koma palibe chomukakamiza.

Akuluakulu, udindo umenewu tinauvomera kale. Malawi anavomereza Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana mu 1991, ndipo ndime 11 ya panganolo imalamula maiko kuthana ndi kutulutsa ana mozemba ndi kusawabweza, ndi kulowa m'mapangano othandiza zimenezo. Pangano la Africa la Ufulu ndi Chisamaliro cha Ana, pa ndime 29, limaletsa kuba mwana ndipo limatchula poyera kuti choletsacho chikukhudzanso makolo ndi omulera. Anansi athu anapita kale patsogolo: Zimbabwe inalowa m'Pangano la ku Hague lija mu 1995, South Africa mu 1997, Zambia mu 2014, ndipo Lesotho, Botswana ndi Mauritius alimonso. Maiko oposa 100 ali m'panganoli. Ndiponso ku Hague si kwachilendo kwa ife, pakuti Malawi ali kale m'pangano la kumeneko la Apostille lotsimikizira zikalata, ndi lina lotumizirana masamoni a makhoti.

Anthu ambiri amalimva molakwika pangano lobweza anali, choncho tilongosole ntchito yake. Siligamula kuti mwana azikhala ndi ndani. Limangoyankha funso lakuti mlanduwo uweruzidwe kuti, ndipo yankho lake ndi lakuti uweruzidwe kumene mwana anali atakhazikika asanachotsedwe: kumene kuli sukulu yake, chipatala chimene amapita kusikelo, abale ndi aphunzitsi amene angachitire umboni. Limakhudza ana osakwana zaka 16. Ndime 3 imati kuchotsa kapena kusabweza mwana n'kolakwa ngati kwaphwanya ufulu wosunga mwana umene wina anali nawo ndipo ankaugwiritsa ntchito, malinga ndi malamulo a dziko limene mwanayo amakhala. Onani kuti kusabweza kulinso momwemo. Milandu yambiri siyamba ndi kuthawa usiku ayi. Imayamba ndi tchuthi chogwirizana bwinobwino, kenako tsiku lobwerera limafika, mwana osaoneka, uthenga wa pa WhatsApp n'kubwera wakuti "tamupezera sukulu konkuno."

Ndime 12 ndiyo mtima wa panganoli. Ngati mlandu wafika ku khoti la dziko limene mwana ali chisanathe chaka chimodzi kuchokera pamene anachotsedwa kapena kusabwezedwa, khotilo liyenera kulamula kuti abwerere mosazengereza. Chaka chikatha, angabwererebe, koma winayo amakhala ndi mpata woonetsa kuti mwana wakhazikika kale m'malo atsopanowo. Apa m'pamene makolo ambiri amagwera. Chakacho sichiima pa tsiku limene wadandaula ku polisi kapena ku ofesi ya boma, chimaima pa tsiku limene mlandu watsegulidwa kumene mwana ali. Fayilo ikagona miyezi 8 pa desiki ku Capital Hill kudikira siginecha, boma lomwelo ndi limene lamulanda kholo mwana wake. Ndime 11 imafuna kuti khoti lithane ndi mlandu mwachangu, ndipo pakatha masabata 6 popanda chigamulo, wodandaula ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake. Ndime 16 imaletsa khoti la kumene mwana wathawitsidwira kuyamba kugamula za ulezi likangodziwitsidwa za nkhaniyo, kuti wothawayo asathamangire kukatenga chigamulo chomukomera kwawo.

Zifukwa zokanira kubweza mwana zilipo, koma n'zochepa ndipo zinachepetsedwa dala. Khoti lingakane ngati wodandaulayo sankasamala za mwanayo n'komwe, ngati anavomera ulendowo kapena anadzavomereza pambuyo pake, ngati pali chiopsezo chachikulu chakuti mwana akabwerera akavulazidwa m'thupi kapena m'maganizo, ngati mwana wamsinkhu wozindikira akukana yekha, kapena ngati kumubweza kukuphwanya mfundo zikuluzikulu za ufulu wa anthu. Kunena kuti kunja kuli sukulu zabwino kapena zipatala za mankhwala okwanira si chifukwa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa dziko losauka ngati lathu, chifukwa pa mpikisano wa chuma kholo la ku Malawi lidzagonja nthawi zonse, pamene m'panganoli mpikisano woterowo mulibe.

Olemekezeka a Zamaubale ndi Maiko Akunja, pali msampha pa ndime 38 umene muyenera kuudziwa musanatumize chikalata. Chikalata cholowera chimaperekedwa ku unduna wa zakunja wa dziko la Netherlands, ndipo panganolo limayamba kugwira ntchito tsiku loyamba la mwezi wachitatu kuchokera pamenepo. Koma limagwira ntchito pakati pa ife ndi maiko okhawo amene alengeza kuti avomera kulowa kwathu, lililonse palokha. Tikhoza kukhala m'panganomo zaka zingapo koma South Africa kapena Britain asanativomere, kholo n'kumabwezedwabe chimanjamanja. Maiko amayamba ayang'ana ngati wolowa kumeneyo ali ndi lamulo, ofesi yoyankha makalata ndi makhoti odziwa ntchitoyi. Choncho akazembe athu ku Pretoria, Harare, Lusaka, London ndi Washington apatsidwe ntchitoyi polemba, ndipo ayambe kukambirana ndi maikowo bilu ikadali m'Nyumba ya Malamulo. Musaiwale Ireland, kumene Amalawi achuluka zaka zapitazi.

Tsopano tibwere kwathu, pamene pali ntchito yeniyeni. Gawo 211 la malamulo aakulu a dziko lino limati pangano la maiko limakhala lamulo la Malawi pokhapokha Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lotero. Pakufunika bilu, kaya yapayokha, kaya mutu watsopano m'lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana. South Africa inaika panganoli m'mutu 17 wa lamulo lake la ana la 2005, ndipo Britain inachita zimenezi ndi lamulo la 1985.

M'biluyo muyenera kukhala yankho la funso limene jaji wa ku Johannesburg kapena ku Manchester adzafunse tsiku loyamba: kodi pa malamulo a Malawi, kholo lotsalali linali ndi mphamvu yokana kuti mwana atuluke m'dziko? Funsoli likumveka lophweka, koma taganizani mmene timakhalira. Kumene kuli chikamwini, malume amanena kuti ana ndi mbumba yake, ndipo bambo ukwati ukatha amanyamula bulangeti lake n'kubwerera kwawo. Kumpoto ndi ku Chigwa cha Shire, kumene amapereka malowolo, akuchimuna amati ana ndi awo. Pali maukwati a kwa DC, a kutchalitchi, a kumzikiti, a ankhoswe okha, ndi a anthu ongolowana. Pali abambo ambiri amene sanakwatire mayi wa mwana koma amalipira fizi ndi kumutenga Loweruka lililonse. Malamulo aakulu anayesetsa: gawo 22 limazindikira maukwati a mwambo ndi ongokhalira limodzi, gawo 23 limati ana onse ndi ofanana mosayang'ana mmene anabadwira ndipo ali ndi ufulu wodziwa ndi kuleredwa ndi makolo awo, gawo 24 limapatsa amayi ufulu wofanana pa kusunga ana ndi kupanga ziganizo za kakulidwe kawo. Koma jaji wakunja sangasonkhanitse zonsezi yekha, ndipo kulemba katswiri woti akamufotokozere kumadya ndalama ndi miyezi. Tikufuna chiganizo chimodzi chomveka m'lamulo: kholo lililonse, lokwatira kapena losakwatira, mwa mwambo uliwonse, liyenera kuvomera mwana asanatulutsidwe m'dziko kapena kupangiridwa pasipoti, pokhapokha khoti litalamula mwina. South Africa ili ndi mawu otere pa gawo 18 la lamulo lake la ana. Biluyo ipatsenso Khoti Lalikulu mphamvu yotulutsa, m'masiku ochepa, chikalata chotsimikiza kuti kuchotsedwa kwa mwana kunali kolakwa pa malamulo athu, chimene ndime 15 ya panganoli imalola khoti lakunja kupempha.

Ndipo musaiwale agogo. Ana ambiri ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay akuleredwa ndi agogo kapena azakhali, makolo ali ku Joni. Mwana wakhala ndi agogo ake zaka 7, ndiye tsiku lina bambo amene sanamuonepo chibadwire akutulukira n'kumutenga. Panganoli limateteza munthu aliyense amene ali ndi ufulu wosunga mwana, osati makolo okha, koma agogo opanda pepala amavutika kutsimikiza ufuluwo. Mu 2014 khoti la Supreme la ku Britain linavomera kuti agogo ena a ku Lithuania amene analera mdzukulu wawo kwa zaka zambiri anali ndi ufulu wotere, koma zinatengera apilo kufika pamwamba penipeni. Gawo 8 la lamulo lathu la 2010 limalola wachibale kupempha khoti la ana kuti limupatse udindo wosunga mwana. Maofesi a chisamaliro cha anthu m'maboma onse azithandiza agogo otere kutenga chigamulocho zinthu zisanavute.

Panganoli limafuna kuti dziko lililonse likhale ndi ofesi imene limaitcha Central Authority. Ku South Africa ntchitoyi ili m'manja mwa Chief Family Advocate. Kwathu kuno tikuona kuti ikhale mu Unduna wa Zachilungamo, chifukwa kumeneko kuli maloya amene angaime m'khoti, koma mukhale mlangizi wa chisamaliro cha ana wotumizidwa kuchokera ku unduna wa ana. Sipakufunika chinyumba chatsopano. Pakufunika anthu atatu kapena anayi odziwika ndi maina, foni yoyankhidwa ngakhale Loweruka, imelo ya boma yotsegulidwa tsiku lililonse, ndi kandalama kake pa bajeti. Ntchito zawo zalembedwa pa ndime 7: kupeza kumene mwana ali, kuteteza kuti asavulazidwe kapena kuthawitsidwanso, kuyesa kuti abwezedwe mwa mtendere, kutsegula mlandu, kuthandiza kupeza loya, ndi kukonza ulendo wobwerera. Ofesi zotere zimafa munthu mmodzi wodziwa ntchito akasamutsidwa, imelo n'kutsala ndi pasiwedi imene palibe akuidziwa. Lamulo linene kuti pempho lililonse liyankhidwe m'masiku atatu a ntchito ndipo litumizidwe kunja kapena ku khoti m'masiku 7.

Za ndalama tisanamizane. Ndime 26 imati ofesiyi isalipiritse wodandaula, koma imalola dziko kulengeza polowa kuti silidzalipira maloya kupyola pa thandizo la zamalamulo limene lili nalo kale. Malawi alengeze zimenezo, kenako Legal Aid Bureau ipatsidwe udindo ndi ndalama zoimira makolo pa milanduyi. Phindu lake n'loonekeratu: ku England, kholo lopempha kubwezeredwa mwana kudzera m'panganoli limapatsidwa loya waulere mosayang'ana chuma chake. Mayi wa ku Area 25 amene lero sangakwanitse ngakhale ola limodzi la loya wa ku London angakhale ndi womuimira.

Olemekezeka Jaji Wamkulu, milanduyi isamwazikane m'makhoti onse a majisitireti. Ndi yochepa pa chaka, ndipo woweruza amene akuiona koyamba amaitenga ngati mlandu wamba wolimbirana mwana: amaitanitsa mboni khumi, amafunsa za malowolo ndi za amene anayamba chibwenzi, n'kuimitsa mlandu mpaka mwezi wa mawa. Ipatsidwe kwa majaji awiri kapena atatu a nthambi ya mabanja ya Khoti Lalikulu, ndi malamulo ake a kayendetsedwe. Tsiku lomwe mlandu walowa, jaji athe kulamula, winayo asanadziwitsidwe, kuti mapasipoti onse a mwana ndi a kholo aperekedwe ku khoti ndipo mwana asasunthidwe pamene ali. Woyankha apatsidwe masiku 14. Umboni ukhale wolemba ndi kulumbirira, kholo lakunja lilankhule pa vidiyo ngati pafunika. Mlangizi wa ana acheze ndi mwana m'chinenero chake, pamalo opanda kholo lililonse, n'kupereka lipoti m'masabata awiri. Chigamulo chituluke sabata lachisanu ndi chimodzi lisanathe, apilo ikhale ndi masiku ake owerengeka. Chigamulocho chitchule tsiku, ndege kapena basi, woperekeza mwana, wolipira tikiti, wosunga pasipoti ndi malo opatsirana mwana. Chigamulo chongoti "mwana abwerere" chimabala mlandu wina. Palinso chinthu chimene mungachite mwezi uno ndi kalata imodzi: kusankha jaji woimira Malawi m'gulu la majaji a ku Hague olumikizana pa milandu ya ana. Maiko amene sanalowe m'panganoli amaloledwa kukhala ndi jaji m'gulu limeneli, ndipo foni imodzi pakati pa majaji awiri imatha kumasula zimene makalata a akazembe angatenge nazo theka la chaka.

Tikudziwa nkhawa imene ena a inu muli nayo, ndipo ifenso tili nayo. Panganoli ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Kafukufuku amene bungwe la ku Hague loyang'anira panganoli limachititsa amasonyeza kuti pafupifupi atatu mwa anayi alionse othawa ndi ana ndi amayi, ambiri a iwo ndi amene amalera mwanayo tsiku ndi tsiku. Pakati pawo pali amene akuthawa nkhanza. Mtsikana wathu wokwatiwa ku Cape Town kapena ku Leeds, womenyedwa, wopanda mapepala, amene wasonkhanitsa ndalama ya tikiti mobisa n'kubwera ndi mwana kwa amayi ake ku Dedza, tikalowa m'panganoli mwamuna wake adzatha kupempha kuti mwanayo abwerere. Izi n'zoona ndipo aphungu azidziwe povota. Koma yankho si kukhala kunja, chifukwa kukhala kunja kukupweteka amayi ena ngati wa ku Ndirande uja. Yankho ndi kulemba bilu mosamala. Inene poyera kuti nkhanza kwa mayi zingakhale chiopsezo chachikulu kwa mwana ngakhale mwanayo sanamenyedwepo. Buku lolangiza majaji limene bungwe la ku Hague linatulutsa mu 2020 limavomereza mfundo imeneyi. Inenenso kuti jaji asadalire malonjezo a pakamwa. Mwamuna amalonjeza m'khoti kuti adzachoka m'nyumba, adzapereka ndalama ya chakudya, sadzayandikira, koma ndege ikatera lonjezolo palibe wolikakamiza. Chofunika ndi chigamulo chofanana nacho chotengedwa ku khoti la dziko linalo mwana asanakwere ndege, ndi umboni wakuti mayiyo adzaloledwa kulowa m'dzikomo ndi kukhalamo mpaka mlandu wa ulezi utatha. Mayi woyankha mlandu wotere apatsidwe loya waulere ngati mmene wodandaula akupatsidwira.

Pa za kumanga anthu tichenjeze. Gawo 78 la lamulo la 2010 limati kutenga, kusunga kapena kubisa mwana popanda chilolezo cha kholo kapena womusunga mwalamulo ndi mlandu. Lamuloli likhalepo, ndipo apolisi aphunzitsidwe kuti kukhala bambo kapena mayi wa mwana si chiphaso chophwanyira chigamulo cha khoti. Koma chikalata chomangira munthu sichibweza mwana. Nthawi zambiri chimachititsa wothawayo kubisala kwambiri, ndipo jaji wakunja amazengereza kubweza mwana wa zaka zitatu akadziwa kuti mayi ake akamangidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu mwanayo akuona. Mkulu woimira boma pa milandu akhale ndi ndondomeko yolemba yonena nthawi yotsegula mlandu wotere ndi nthawi youimitsa kuti mwana abwere. Chida chothandiza msanga ndi chidziwitso chachikasu cha Interpol, chofufuzira anthu osowa kuphatikizapo ana, chimene apolisi athu angapemphe kudzera ku ofesi yawo ya Interpol.

Kuteteza n'kotchipa kuposa zonsezi, ndipo apa tikulankhula nanu a Zachitetezo cha m'Dziko. Ku Britain, kholo likaonetsa kuti mwana atulutsidwa m'maola 48 akubwerawa, apolisi amatumiza chenjezo ku madoko ndi mabwalo onse a ndege, ndipo dzina limakhala pa mndandanda masiku 28. Ife tikufuna chonga chimenecho: nambala imodzi ya Immigration yogwira ntchito usiku ndi usana, yolandira chigamulo cha khoti kapena pempho la wapolisi wamkulu, n'kufikitsa dzina, chithunzi ndi tsiku lobadwa la mwana ku Kamuzu, Chileka, Mwanza, Dedza, Mchinji, Songwe, Muloza ndi Chiponde m'ola limodzi. Kuchokera ku Blantyre kufika pa Mwanza ndi ulendo wa maola awiri osakwana, choncho chenjezo loyenda pa kalata ya pamanja n'lopanda ntchito. Pa boda, basi ikaima, ofisala asamangolandira mulu wa mapasipoti kwa kondakitala n'kudinda. Mwana aliyense aonedwe nkhope, ndipo woyenda naye yekha aonetse setifiketi ya kubadwa ndi kalata yolumbirira ya kholo linalo yokhala ndi nambala ya foni, kapena chigamulo cha khoti, kapena setifiketi ya imfa. Tikudziwa kuti South Africa inaika malamulo okhwima otere mu 2015 n'kudzawafewetsa kwa alendo mu 2019 chifukwa cha madandaulo, ndiye fomu yathu ikhale ya tsamba limodzi, yaulere, yopezeka kwa DC ndi pa polisi, ndipo mayi amene bambo wa mwana anasowa kalekale athe kupeza chilolezo kwa majisitireti tsiku limodzi. Tisalange amayi olera okha ana chifukwa cha zolakwa za ena.

Chiyambire pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018, ana okhala ndi mapasipoti awiri akuchuluka. Khoti likalanda ya Malawi yokha, mwana amatuluka ndi inayo. Khoti lathu silingalamule ofesi ya kazembe wa dziko lina, koma lingaidziwitse za chigamulo ndi kuipempha kuti isapereke pasipoti ina, ndipo lingalamule kholo kupereka zonse zimene lili nazo. Izi zilembedwe m'malamulo a makhoti kuti zisamadalire kukumbukira kwa loya.

Mozambique ndi Tanzania sali m'panganoli, ndipo malire athu ndi Mozambique ndi aatali, odutsika ndi njinga, mabanja ali uku ndi uku. Kumeneko pakufunika mgwirizano wa maiko awiriawiri. Chitsanzo chilipo: mu 2003 majaji a ku Britain ndi a ku Pakistan anasainirana mgwirizano wakuti mwana wochotsedwa molakwa azibwezedwa kumene amakhala kuti khoti la kumeneko ligamule. Nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za makomiti a mgwirizano amene timakhala nawo ndi maiko awiriwa, ndipo maofesi a chisamaliro cha anthu a ku Dedza ndi Angonia, kapena a ku Karonga ndi Kyela, adziwane maina ndi manambala.

Pomwe zonsezi zikukonzedwa, ofisala aliyense wa Victim Support Unit, wa chisamaliro cha anthu ndi woyankha foni ya ana ya 116 akhale ndi pepala limodzi la zouza kholo. Mwana akamapita kutchuthi kunja, mgwirizano ulembedwe, utchule tsiku lopita ndi lobwerera, onse awiri asaine. Kholo lisunge zithunzi za pasipoti ndi setifiketi ya kubadwa, malipoti a kusukulu, buku la kuchipatala ndi chithunzi chatsopano cha mwana, chifukwa zimenezi ndizo zimatsimikiza kumene mwana anakhazikika. Mwana akapanda kubwera, lilembe uthenga tsiku lomwelo wonena kuti silikuvomera, ndipo lisafufute mauthenga. Lisamale ndi mawu olemba pofuna kunyengerera, monga akuti "chabwino, akhale kaye amalize chaka," chifukwa mawu amenewo adzawerengedwa m'khoti ngati kuvomereza. Kukambirana kwa ankhoswe kupitirire, n'kwabwino ndipo nthawi zina kumabweza mwana msanga kuposa khoti, koma kuyendere limodzi ndi mlandu, kusaimitse mlandu. Ndipo lisatume anthu kukamuba mwanayo kuti abwere naye, pakuti kumeneko n'kupalamula m'dziko la eni ndi kumuzunza mwana kawiri.

Chotifulumizitsa ndi ndime 35. Panganoli limakhudza ana okhawo amene achotsedwa litayamba kale kugwira ntchito pakati pa maiko awiriwo, silibwerera m'mbuyo. Mwana aliyense amene adutse pa Mwanza chaka chino, Malawi asanalowe ndi kuvomerezedwa, sadzathandizidwa nalo ngakhale titadzalowa chaka chamawa. N'chifukwa chake tikupempha a Nduna ya Zachilungamo kuti bilu ifike ku Nyumba ya Malamulo pa mkumano ukubwerawu, a Jaji Wamkulu asankhe jaji wolumikizana ndi anzake akunja, ndipo a Immigration alengeze nambala ya chenjezo la pa boda tchuthi cha December chisanafike.

Ndife anu mwaulemu,

Maloya a milandu ya m'banja ndi alangizi a chisamaliro cha ana